Mchere Umene Ndinathira

Pali chinthu chimene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo a mwana wanga: maso anga akutha. Iwo amangodziwa kuti ndimavala magalasi. Sadziwa kuti dokotala wa maso ku Lilongwe anandiuza kuti magalasiwo sakuthandizanso, ndipo zimene zatayika sizidzabwerera. Pakati pa chilichonse chimene ndayang'ana pamakhala chifunga, ndimangoona za m'mbali. Chofiira ndi chakuda kwa ine zimafanana. Izi ndikulemba pa foni, zilembo ndazikulitsa, foniyo ili pafupi kugunda mphuno.

Ndili ndi setifiketi ya zophika ndi kulandira alendo. Ndinkagwira ntchito pa loji ina ku Senga Bay, ndipo ndinasiya ndekha nditathira shuga mu supu kawiri sabata imodzi. Kunyumba ndinati ndikufuna kulera mwana. Anandiyamikira.

Timakhala mumpanda umodzi ndi apongozi anga, amayi a mwamuna wanga. Mwamunayo amagula usipa wouma pa mathandala oyanikapo nsomba kunyanja kuno n'kukagulitsa ku Lilongwe, ndiye masiku ambiri timatsala akazi awiri ndi mtsikana wanga wa zaka ziwiri. Apongoziwo si munthu woipa. Koma mlamu wanga wina atayamba kugwa khunyu, iwo anamutengera mwana kuti angamugwetse pamoto. Anamulera bwino, sindinganame. Lero mwanayo amayi ake omubala amawatchula kuti anti.

Ndiye ndinaphunzira kudzisamala mopanda kupempha. Kuchoka pakhomo kukafika kubafa ndi mapazi khumi ndi anayi. Sopo ndinamuika m'kaneti n'kumangirira pa nsungwi, chifukwa akagwa pansi ndimakwawa ngati khanda. Mankhwala otsukira mano ndimafinyira pa chala, osati pa mswachi. Botolo la mafuta anga odzola ndinalikulunga labala kuti ndisalisokoneze ndi la mwana. Chitenje chilichonse ndinachisoka kamfundo ka ulusi kumkati kuti ndisavale chotembenuza. Zikhadabo ndimapala ndi mwala. Zonsezi zinatheka, ndipo masiku ena ndinkadzitama nazo mumtima.

Chimodzi chokha chinandikanika. Mkazi amadziwa kuti wamaliza kumwezi poyang'ana nsalu yake. Ine ndiyang'ana ndi chiyani?

Pakhomo pa apongozi anga, mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo. Amati akathira amadula a m'nyumba, amayamba kutsokomola ndi kutupa, makamaka ana. Ku koleji zimenezi tinkaziseka, koma pakhomo pa eni ndinkatsatira. Ndikayamba, ndinkaitana kuti, “Amayi, dzandithirireni,” iwo n'kubwera osafunsa. Pomaliza ndinkadalira kuwerenga. Tsiku lililonse ndinkamanga mfundo pa kachingwe, zikakwana zisanu ndinkawonjezera tsiku limodzi lodzitetezera.

Mwezi umenewo ndinali nditabayitsa jakisoni wolera. Anamwino ananena kuti magazi akhoza kumadontha mosayembekezeka, ine ndinangomva ndi khutu limodzi. Mfundo zitakwana, ndinasamba, ndinachapa nsalu yogonera n'kuyanika, ndinaphika utaka n'kuthira mchere ndi dzanja langa. Tinadya tonse atatu.

Ndikutsuka mbale chowerama, ndinamva apongozi aima kumbuyo kwanga.

“Amake mwana, ndiwo zija mchere anathira ndani?”

“Ndine, amayi.”

“Chitenje chanucho mwachiona?”

Ndinapititsa dzanja kumbuyo. Panali ponyowa, koma manja anganso anali onyowa ndi madzi a mbale. Iwo ananyamula mwana n'kulowa naye m'nyumba mwawo.

Mwanayo anali kale ndi kachifuwa, mphepo ya mwera inali itavuta sabata imeneyo. Patapita masiku atatu anayamba kupuma mobanika. Ku chipatala cha pa boma anati ndi chibayo, anamubaya n'kutipatsa mankhwala akumwa. Apongozi nawo anakafuna mizu yawo n'kumumwetsa. Sindinaletse.

Bambo ake atabwera, tinakhala pakhonde atatu. Apongozi anayamba modekha, ndipo kudekhako n'kumene kunandiopsa.

“Ine ndikufuna kumva chinthu chimodzi. Chitenje tinene kuti banga linali kumbuyo. Nanga nsalu ija munayanika m'mawa? Munachapa nokha, munayanika nokha, banga lili poyera ngati chikhatho changachi, anthu opita kunyanja akuliona. Maso muli nawo anayi. Munaona kapena simunaone?”

Mawu oona anali pakamwa penipeni. Ndikanati sindinaone, akanafunsa chifukwa chake, ndipo ndikanaulula zonse. Akanandimvera chisoni, ndikudziwa. Akanalira nane. Kenako akanati mwana azigona kwawo mpaka achire, ndipo kuchirako sikukanatha.

Ndinati, “Ndinaona, amayi. Kungoti za mcherezi ine sindizikhulupirira.”

Mwamuna wanga anayang'ana pansi, kenako anati, “Ndiye sukulu yakoyo ndi imeneyi?”

Apongozi sanakalipe. Anangoti, “Zikomo, mwandiuza. Ine ndimati ndili ndi mpongozi, kani ndili ndi dokotala.” Anadzuka n'kupita.

Kuyambira tsiku limenelo sadyanso chakudya changa. Akaphika amaitana mdzukulu wawo, amamudyetsa, amamubweza. Azimayi a kutchalitchi anamva, ndipo ndikafika pamjigo nkhani zimaduka. Ndine mtsikana wonyada amene anadula mwana wake dala. Dzina limenelo ndinalisankha ndekha. Mwana wa mkazi wonyada satengedwa, amangomumvera chisoni.

Mtsikana wanga anachira. Amagona pambali panga, amanditchula kuti amama. Tsopano mchere sindithiranso ngakhale tsiku limodzi, aliyense amathira m'mbale mwake, ndipo mwamuna wanga amaganiza kuti ndi mwano wina.

Koma pali china chimene chimandisowetsa mtendere. Mankhwala aja a chibayo anali ndi kakapu koyezera, mizere yake yosaoneka kwa ine. Ndinafunsa anamwino kuti aloze mlingo, ndinagwirapo ndi chikhadabo, n'kudzalemba ndi mpeni kunyumba. Masiku asanu ndinkathira mankhwalawo, chala chili pa chizindikirocho, kudikira kuti chinyowe. Mwina ndinkapitiriza, mwina ndinkaperewera. Mumpanda womwewo munali mayi wa maso abwino amene akanayeza mosavuta, ndipo sindinamuitane.

Chifunga chija chikukula. Chaka chatha nkhope ya mwana wanga ndinkaiona ndikapendeketsa mutu, pano ndimaipapasa. Wayamba kuthamanga, ndipo nyanja ili pafupi.

Ndinanamiza apongozi anga kuti mwana asachoke m'manja mwanga. Inu amene mwawerenga mpaka pano, ndiuzeni, manja amenewa ndi oyenera kumusunga? Ndinachita bwino kodi?