Zidindo za pa Mfuti ya Alamu

Alamu anga a ku Lawrence atagula mfuti yakale ya asilikali ku Indianapolis, palibe amene anandifunsa nzeru. Ndinangoyamba ndekha kudzitama: "Bambo anga anali kalipentala ku Zomba. Thabwa la mfutiyo ndipatseni, ndikalikonze."

Zoona, bambo anali kalipentala, koma ine ntchito yanga inali yosesa utuchi.

Ndinapita nalo kwathu ku South Bend, n'kulowa m'galaja ndi sandipepa. Pathabwapo panali timabala ndi tizilembo tosaoneka bwino. Ndinapala mpaka zonse zinatha, kenako n'kuthira vanishi mosaumira. Linatuluka likunyezimira ngati bokosi la maliro.

Nditalibweza, alamu analitembenuza uku ndi uku. "Nanga zidindo za fakitale zija zili kuti? Mfutiyi ndinaigulira zimenezo."

M'malo mopepesa, ndinayankha zamkutu. "N'chinyontho cha ku South Bend, alamu. Thabwa likafufuma, zilembo zimazimirira."

Anangoti, "Chabwino."

Chimene chimandiwawa n'chakuti sanakalipe n'komwe. Mfutiyo anaipachika pabalaza, ndipo mlendo akabwera ine ndili pomwepo, amati, "Alamu, tawafotokozereni za chinyontho chija."

Ndipo ine, chitsiru, ndimafotokozadi.