Mwendo wa M'kabati

Mdzukulu wangayu ndinamulera ndekha kuchokera ali ndi zaka zinayi, mayi ake atatisiya. Aliyense amamudziwa ndi dzina loti Kamphepo, ndipo ndinamupatsa ndine, chifukwa ukamutuma kugolosale ankabwerako iwe usanamalize n'kumanga mpango komwe. Ndikulemba izi kuti ana ake akadzakula adzadziwe kuti bambo awo sanali munthu wosamva, ngakhale pali pepala lina kuchipatala limene likunena choncho.

Sukulu sanapite nayo patali. Koma manja, eee, manja Mulungu anamupatsa. Anaphunzira kuwotcherera zitsulo m'shedi ina kuseri kwa depoti ya mabasi, ndipo pofika zaka makumi awiri ndi zisanu anali ndi shedi yakeyake: mageti, mafelemu a mawindo, mabedi a ana asukulu. Mukadutsa mumsewu wathu, geti lililonse limene silikulira polititsegula ndi lake. Zolirazo n'za ena. Anakwatira mtsikana wosoka zovala, amene ine ndimamutchula kuti mkazi mnzanga, poti anandilanda mwamuna. Ali ndi ana awiri, ndipo tonse timakhala nyumba imodzi ya zipinda zitatu.

Tsiku lina akutsitsa malata azitsulo mu lole, chingwe chinaduka. Sindifotokoza zambiri. Anamudula mwendo wamanzere mmunsi mwa bondo.

Mwendo woyamba umene anamupangira kuchipatala unali wapulasitiki yolimba ndi chitsulo, wa malamba awiri, wolemera ngati mtondo. Iye anaupatsa dzina loti Achimwene. Ankati, "Achimwenewa ndimawanyamula ndine tsiku lonse, ntchito sagwira, koma kuluma ndiye amadziwa." Ankaseka, makasitomala n'kumaseka naye. Koma madzulo akauvula, pachitsa pa mwendo pankakhala pofiira ngati nyama yapabutchala. Anapirira nawo zaka zitatu, osajomba kushedi.

Kenako kunabwera anthu a kuyunivesite ogwira ntchito ndi chipatala. Ankayesa mwendo wamtundu watsopano ndipo ankafuna anthu makumi awiri okha. Kamphepo anasankhidwa. Ndinamuperekeza ulendo uliwonse, chifukwa mwana wanga sapita kwa madokotala yekha. Amene ankatilandira anali mtsikana wamng'ono thupi, wa magalasi, tonse tinkangoti a Injiniya. Sanamumate dothi loyera loyezera chitsa ngati mmene anachitira pa mwendo woyamba. Anangoyendetsa kanyali kuzungulira chitsa, chithunzi chake n'kutulukira pakompyuta chikutembenuka chokha.

Patatha milungu itatu mwendo unatuluka. Unali wakuda, wolukidwa ndi ulusi wopyapyala ngati nsalu, koma wouma gwa. A Injiniya anati ulusiwo ndi wolimba kuposa chitsulo. Ndinaunyamula ndi dzanja limodzi, ine nkhalamba. M'kati munali kofewa kosasunga thukuta, ndipo phazi lake linkapindika n'kubwerera lokha ngati la munthu. Kamphepo anauvala, anayenda m'khonde la chipatala mpaka kumapeto, pobwerera anathamanga. Anathamangadi, masitepe asanu kapena asanu ndi limodzi. Ndinaphimba kumaso ndi mpango.

A Injiniya anati, "Bambo, muzivala tsiku lililonse. Kuntchito, kumsika, kulikonse. Musaunyengerere ayi. Pakatha miyezi isanu ndi umodzi mudzabwere nawo, tikadzaona kuti zayenda bwino, mwendowu ndi wanu mpaka kalekale."

Ananenanso za kachipangizo kena kamene kanali m'kati mwa chidendene. Ndinamva ndithu kuti akunena, koma maso ndi mtima zinali pamwendo. Kamphepo anasaina pepala, tinabwerako.

Tsopano apa mundimvetse. Ine ndinaleredwa kuti chinthu cha eni ake umabweza chili bwino kuposa mmene unachitengera. Ukabwereka poto, umabweza wotsuka mpaka kumatako. Mwini akati "gwiritsani ntchito momasuka," umenewo ndi ulemu chabe, ndipo wopusa yekha ndi amene amamasukadi. M'banja mwathu palibe anabwezapo chinthu chong'aluka. Ndiye pamene mtsikana uja anati "tikadzaona kuti zayenda bwino," ine ndinadziwa, kapena ndinkayesa kuti ndadziwa, chimene adzayang'ane: ngati anthu osauka ife tingathe kusamala chinthu chodula.

Mlungu woyamba Kamphepo anapita nawo kushedi. Ankabwerako akuimba mluzu. Loweruka madzulo ndikuupukuta, ndinapeza kadontho pamwamba pa kakolo, kakang'ono ngati njere ya therere, pamene kamoto kothetheka kanagwera.

"Iwe! Ichi n'chiyani?"

"Agogo, ndi kamoto chabe. Sikanalowe."

"Mlungu umodzi kamoto kamodzi. Miyezi isanu ndi umodzi udzabweza chiyani? Sefa?"

Mkazi mnzanga anaimitsa makina osokera. "Koma agogo, anati azivala kuntchito. Ndinawerenga pepala lija."

"Mkazi mnzanga, iwe unabwerekapo chiyani choposa singano? Khala chete. Awa akutiyesa."

"Nanga osangowaimbira foni n'kufunsa?"

"Kufunsa kuti tingawononge katundu wawo? Adzatiyesa anthu otani?"

Kamphepo anayang'ana mkazi wake, n'kuyang'ana ine. Chibadwire mwana ameneyu sananditsutsepo. Anangoti, "Chabwino, agogo. Achimwene adikira kale pakhomo apo."

Ndinaukulunga m'nsalu yanga yapatebulo, yoyera ya maluwa m'mphepete imene timayala kukabwera alendo, n'kuuika m'kabati pamwamba, pamodzi ndi mbale zadothi. Kiyi ndinamanga pamkanda wa m'khosi. Lamlungu masana ndinkautulutsa, iye n'kuuvala, kuyenda nawo mpaka pamphambano, ana ake akumuthamangira m'mbali. Akabwerako ndinkapukuta fumbi la kuphazi ndi kansalu konyowa, n'kuubweza. Lolemba m'mawa ankamanga malamba a Achimwene.

A Injiniya ankaimba foni mwezi ndi mwezi. Ndinkamva mawu awo akutuluka m'foni: "Mukuvala, bambo?" Iye ankandiyang'ana kaye, n'kuyankha kuti, "Ndikuvala." Ine n'kugwedeza mutu kuti wayankha bwino.

Mwezi wachinayi mkazi mnzanga anandiitanira kuchipinda kwawo. Kamphepo anali atakhala pabedi, chitsa chili pamtunda. Khungu linali litazolowera zofewa za Lamlungu, ndiye Achimwene anali atalidya. Panali bala lalikulu ngati chivindikiro cha botolo, lonyowa.

"Agogo, onani. Mupatseni mwendo wake."

Ndinaona. Musaganize kuti sindinaone. Koma ndinaganizanso za mafinya akulowa m'kati mofewa muja, fungo losachoka, a Injiniya akununkhiza. Ndinati, "Yatsala miyezi iwiri yokha. Pirira, mwamuna wanga. Ukadzakhala wako udzavala mpaka pogona." Ndinamutsuka ndekha ndi madzi amchere, n'kumumanga bandeji. Amati mawu a akulu amakoma akagonera. Anga anagonera, n'kusasa.

Tsiku lobwerera ndinavala diresi langa labwino. Mwendo ndinaunyamula ndekha m'nsalu yake, Kamphepo akutsimphina pambuyo. M'chipinda cha a Injiniya munali anthu ena atatu a m'kafukufuku yemweyo, atakhala pabenchi. Ndinayang'ana miyendo yawo: yokandikakandika, yamatope, wina utoto utachoka kuphazi konse. Mumtima ndinati, amenewa analeredwa ndi ndani?

Nthawi yathu itakwana ndinafunyulula nsalu patebulo la a Injiniya. Mwendo unawala.

Iwo sanamwetulire. Analowetsa kawaya m'chidendene, n'kuyang'ana pakompyuta nthawi yaitali. Kenako anavula magalasi.

"Bambo, kachipangizo aka kamalemba phazi lililonse limene mwaponda, ndi kulemera kumene mwendo wasenza. Apa pakuoneka mlungu umodzi wa ntchito. Kenako Lamlungu lokhalokha, mphindi makumi awiri. Chinachitika n'chiyani? Unkakupwetekani?"

Kamphepo anawerama. Ndinayankha ndine.

"Sunkamupweteka, mwanawe. Tinkausamala. Yang'anani nokha, palibe pokandika, kupatula kadontho aka, ndipo tapepesa."

"Agogo," anatero, mawu atatsika, "ife tinkafuna zokandikazo."

Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akuuza mwana. Anati ulusi wakudawo anauyesa kale m'makina, kuupinda kambirimbiri, ndipo sunathyoke. Chimene sankadziwa n'chakuti umatani pamwendo wa munthu wogwira ntchito yolemetsa, m'fumbi, m'thukuta, pafupi ndi moto. Mwa anthu makumi awiri aja, wowotcherera anali mmodzi yekha. "Kadontho kameneka," anatero akukaloza, "ndi chinthu chokhacho chimene mwatibweretsera."

Lamulo la kafukufuku linali loti amene sanagwiritse ntchito mokwanira achotsedwe, phazi ndi chitsulo chake zipite kwa wina amene akudikira pamndandanda.

Ndinaimirira. Ndinati aitane akuluakulu awo. Anabwera bambo wina wa imvi, waulemu ndithu, ndipo ndinamuuza zonse: kuti kiyi ndinkasunga ndine, kuti mwanayu amamvera, kuti ngati pali wolangidwa adule mwendo wanga. Ndinati atipatse miyezi ina isanu ndi umodzi, adzaubweza wakupsa ngati chikuni. Anandimvetsera mpaka ndinatha mawu. Kenako anati kafukufukuyo akutsekedwa kumapeto kwa chaka, gulu lina silidzakhalaponso, ndipo zimene zalembedwa m'kachipangizo iye sangazisinthe. Papepala analemba kuti, "Sanatsatire malangizo."

"Lembani dzina langa pamenepo," ndinatero. "Osati lake."

"Agogo, tiyeni," anatero Kamphepo, akundigwira mkono.

Tisanatuluke a Injiniya anapempha kuona chitsa. Atamasula bandeji anapuma mokoka. Anati ngakhale akanatisiyira mwendowo, sukanalowanso, chifukwa patupa ndipo mawonekedwe asintha. Anatilembera kalata yopita kwa dokotala wa mabala. Nsalu yanga anaipinda bwinobwino n'kundipatsa ndi manja awiri.

Papita miyezi itatu. Bala silikupola. Dokotala akuti lafika pafupa, ndipo likapanda kutseka mwezi uno adzadula pamwamba pa bondo. Munthu wodulidwa pamwamba pa bondo sanyamula geti. Panopa Kamphepo amapita kushedi ndi ndodo ziwiri, n'kukhala pamgolo, kumawotcherera zogwirira za mapoto ndi miyendo ya mipando. Mageti akupita kwa ena, aja olira. Achimwene ali kuseri kwa chitseko, palibe amawatchulanso. Mkazi mnzanga amandipatsa moni, amandipatsa chakudya, koma makina ake akamalira sayang'ana kumene ndili. Sindimuimba mlandu.

Mlungu watha tili pamzere kuchipatala, panadutsa bambo wina wonyamula katundu pamsika, thumba lili paphewa, akuyenda mofulumira. Buluku anali atapinda. Phazi lake lamanzere linali lakuda, lolukidwa, lodzaza matope ndi mikwingwirima. Pamwamba pa kakolo panali kadontho ngati njere ya therere. Ndikanakadziwa ngakhale mumdima, ndinkakapukuta Lamlungu lililonse.

Kamphepo anakaonanso. Anamuitana. "Akulu! Ukuyenda bwanji umenewo?"

Bamboyo anaseka, n'kuponda pansi kawiri. "Aaa, ndimaiwala kuti si wanga. Dzulo ndinagwa nawo mu ngalande, koma wee, uli nganganga."

"Muziuponda choncho," anatero Kamphepo. "Musaumvere chisoni."

Bamboyo anapita. Ndinadikira kuti mdzukulu wanga anene kanthu, anditukwane ngakhale kamodzi, pamaso pa anthu onse aja. Anangondifunsa ngati ndatopa kuimirira, n'kusuntha ndodo zake kuti ndikhale.

Titafika kunyumba anaona ndikutsegula kabati kuti ndibwezemo khadi lachipatala. Nsalu ija inali pamalo pake, yopindidwa mmene anaipindira a Injiniya.

"Agogo, yalani nsaluyo patebulo. Tidyerepo."

"Ndi ya alendo."

"Alendo ake ati?"

Ndinayala. Mwana wake wamng'ono anatayirapo msuzi nthawi yomweyo, n'kundiyang'ana mwamantha, akudikira kukalipiridwa. Sindinamukalipire. Banga lija lilipobe, sindinachape. Kwa dokotala tikupita Lachinayi.