A Chigwetsa ndi Zisa za Waya

Mundikhululukire, owerenga, kuti ine kalaliki wamba, wozolowera kulemba zokambirana za m'misonkhano, ndalimba mtima kulemba za moyo wa munthu. Chiyambi chokhachi ndafufuta kanayi. Mukapezamo cholakwika, mlandu ndi wanga.

Ku kampani ya magetsi kumene ndimagwira ntchito kuli bambo wina amene timawatchula a Chigwetsa. Kwa zaka makumi awiri ntchito yawo inali imodzi: kukwera mapolo n'kugwetsa zisa za akhwangwala. Khwangwala ndi mmisiri wopanda mwambo. Pomanga chisa amasakaniza timitengo ndi tizidutswa ta waya, ndipo wayayo akangokhudza nthambo, magetsi thi! dera lonse. Zikatero a Chigwetsa ankamanga lamba m'chiuno, kukwera, kutokosa ndi ndodo, chisa pansi phu! Pamutu pawo pali zipsera zitatu za milomo ya eni nyumbazo, ndipo chilichonse amakumbukira tsiku lake ngati kubadwa kwa mwana.

Chaka chatha kampani inasaina ndondomeko yoteteza zachilengedwe. Kunabwera katswiri wa nsapato zosadziwa matope, anaonetsa zithunzi pakhoma, n'kulengeza kuti chisa chokhala ndi mazira chisakhudzidwenso.

"Ngakhale cha khwangwala?" anafunsa a Chigwetsa.

"Cholengedwa chilichonse, bambo."

"Ameneyu amandibera buledi m'chikwama ine ndili pamwamba. Lero mwamupezera loya?"

Tonse tinaseka, kupatula bwana woona za antchito. Madzulo ake bwanayo anaitana a Chigwetsa n'kuwauza kuti popeza zogwetsa zatha, malo awo atsekedwa pakatha miyezi iwiri. Apa n'kuti atatsala ndi zaka zitatu zokha kuti apume pa ntchito mwaulemu.

Kunyumba sanapezeko chifundo.

"Zaka zonsezi mukugwetsa nyumba za anzanu," anatero akazi awo uku akusita, "mumayesa alibe kokadandaula?"

"Mayi a ana, nkhaniyi si yoseka."

"Ndani akuseka? Kapepeseni kwa khwangwalayo, mwina akulembani ulonda."

Magetsi nawo anayamba kuthimathima kuposa kale. Katswiri uja analamula kuti pambali pa mapolo paikidwe timathandala tachitsulo, kuti mbalame zizimanga pamenepo. Akhwangwala anatiyendera, anatikonda, n'kutisandutsa podyera. Kugona ankagonabe pa nthambo.

Loweruka lina a Chigwetsa anatola chisa chakale chimene mphepo inagwetsa yokha. Anapita nacho kunyumba, nakhala pakhonde kuchiphwasula, osati mwa nzeru ayi, koma mwa mkwiyo chabe. Timitengo uku, waya uku. Mulu wa waya utakula, anasiya kutukwana. Zaka zonse zija ankangogwetsa, sanayang'anepo mkati.

Lolemba kunali msonkhano wa akuluakulu wokambirana zogula zoopsezera mbalame. Ine ndinali pakona ndi cholembera changa. Chitseko chinatseguka osagogoda, a Chigwetsa n'kulowa ndi thumba.

"Bambo, muno muli msonkhano," anatero bwana wamkulu.

"Ndabwera ndi mboni, bwana."

Anakhuthula thumbalo pakati pa mabotolo a madzi. Fungo lake sindilemba. Katswiri anabwerera m'mbuyo ndi mpando womwe.

"Taonani nsonga za mawayawa," anatero a Chigwetsa. "Zodulidwa bwinobwino. Khwangwala alibe chodulira. Nanga chikopa chachikasu chokutira wayachi, amagula waya wotere ndani m'tauni muno kupatula ife?"

Kapitawo wa amisiri a nthambo anadzuka. "Mukufuna kunena kuti anyamata anga ndi akhwangwala?"

"Ayi achimwene. Inu ndinu sitolo yawo. Mukamaliza kulumikiza, zodula zonse mumazisiya patsinde pa polo. Galimoto isanakhote n'komwe, makasitomala atera kale."

Kenako bwana wamkulu anatola kachidutswa kamodzi, kukatembenuza, n'kufunsa kuti zoopsezera zija zaitanitsidwa kale kapena ayi.

Malo a a Chigwetsa sanatsekedwe, koma musaganize kuti anawapatsa ofesi. Anawapatsa thumba ndi magolovesi. Lero amayenda m'mbuyo mwa amisiri, kutola kachidutswa kalikonse, ndipo amisiriwo amawakuwiza kuti, "Madala, apa mwasiya!" Akhwangwala akumangabe pa mapolo, koma ndi timitengo tokhatokha, ndipo magetsi sakuthimanso kawirikawiri. A Chigwetsa eni ake amadandaula msana. Amati kukwera kunali ndi ulemu wake, chifukwa anthu ankawayang'ana chokweza mutu, pomwe tsopano chimene dziko limaona ndi kumbuyo kwa ovolosi.

Tsopano mbali yanga, imene ndaizengereza mpaka pano. Mu lipoti la pachaka la zachilengedwe ndinalemba kuti "komiti inafufuza mozama n'kupeza gwero la vutoli." Akuluakulu anandiuza kuti ndilembe choncho, ndipo sindinatsokomole n'komwe. Komitiyo chimene inapeza ndi fungo basi.

Lipotilo likupita kosindikiza Lachisanu. Mawa ndichotsamo chiganizo chimenecho, ndilembe kuti anapeza ndi wantchito wokwera mapolo, atakhala pakhonde la nyumba yake. Ndipo sindichita mobisa. Ndikagogoda kwa bwana wamkulu n'kuwauza ndekha.