Wokonza Mawailesi ndi Timababu Take Tiwiri

Pa Madisi pali bambo wina wokonza mawailesi, koma mawailesi athu amangokalambira pashelefu. Chimwalirireni mwana wawo Talandira, amene anagundidwa ndi lole ya fodya, bambowa amangokhalira kuwotcherera kabokosi ka timababu tiwiri, kena kotumiza moto, kena kolandira. Akamawonjezera moto pang'onopang'ono, kababu kolandira kamawala kotumiza kasanawale.

"Kamadziwiratu zobwera," amatero. "Kadzatichenjeza."

Tsiku lina ndinawaseka: "Ndiye kafunseni, bambo, mavotiwa awina ndani?"

Sanaseke. Anangozula waya mwadzidzidzi, timababu tonse n'kuzimira limodzi.

"Mwaona? Kamangodziwa zobwera pang'onopang'ono. Zadzidzidzi sikanaphunzirebe."

Anayang'ana kumsewu, n'kutolanso chowotcherera chawo. Ine wapakamwa ndinatuluka osafunsa n'komwe za wailesi yanga.