Mbale imene siinkatha

Ndikakumbukira chaka chimene tinkagona atatu m'chipinda chimodzi cha hotelo ku Santry, kuno kwa azungu, ine, amayi ndi mng'ono wanga wakhanda, choyamba kundibwerera si kuzizira ayi, koma kadengu ka nsungwi kakufuka nthunzi, m'kati mwake muli tinthu tinayi toterera, khungu lake loonekera m'kati ngati la mwana wa mbewa. Landilodi wathu anali atagulitsa nyumba, ndipo amayi akaweruka kuntchito yosamalira okalamba ankakaima pamzere woona nyumba, n'kubwerako chimanjamanja. Ndiye Mayi Chan, amene amuna awo ankasamalidwa ndi amayi, ananena kuti fulati yawo ya ku Clondalkin ikufuna anthu, koma ayambe ationa kaye. Anatiitanira ku lesitilanti ya dim sum, zakudya za kwawo, Lamlungu tikatuluka ku Misa.

M'basi monse amayi ankangondilangiza kuti mwana woleredwa bwino sasiya chakudya m'mbale ya eni, ndipo ndikangokwinya nkhope tidzakalambira m'hotelomo. Ndinali ndi zaka naini, ndipo ndinamvetsa ndithu.

Mayi Chan anatola kamodzi mwa tinthu tija ndi timitengo todyera n'kundiikira m'mbale, amvekere ndi madampulingi, timikate tokulungamo mapuloni, tinyama ta m'nyanja. Nditaluma, kachikopa kaja kanamata m'kamwa, munatuluka timadzi totentha tonunkha ngati doko la ku Skerries madzi akaphwera, kenako dzino linagunda kanyama kopindika kokutidwa ndi timasamba ta fungo la anyezi. Kanaphulika ngati mphutsi yonenepa. Abale inu, nseru yake! Ndinakameza ndi tiyi wopanda shuga, misozi ili lengelenge, n'kupukuta mbale kuti mbee monga anandiuzira. Chimene sitinkadziwa n'chakuti kwa anzathuwa mbale ya mlendo ikakhala yopanda kanthu ndiye kuti sanakhute. Ine ndikamaliza mwaulemu, iwo ankawonjezera mwaulemu. Ndinkayang'ana amayi kuti andipulumutse, koma iwo ankangomwetulira, bondo lawo likundigunda pansi pa tebulo. Ndinameza tisanu ndi tiwiri, ndipo nditatsika basi ndinasanza tonse m'mbali mwa msewu.

Fulati anatipatsa. Popereka makiyi Mayi Chan anandisisita mutu n'kuuza amayi kuti, "Mwana amene amadya chonchi wachokera pakhomo pabwino." Basi, kuyambira pamenepo Loweruka lililonse ankabwera ndi kabokosi ka madampulingi omwewo, ati a mwana wawo wokonda mapuloni, n'kukhala pansi kuti aone ndikudya. Zaka zinayi, anthuni, ndikumeza zinthu zimene fungo lake lokha limandithamangitsa mpaka lero. Ndinkadana nalo Loweruka, koma ndinali ndi bedi langalanga ndi chitseko chotseka.

Nyengo imeneyo inandiphunzitsa kuti ulemu wa munthu wosowa pogona umadutsa pakhosi, ndipo kwa nthawi yaitali ndinkanyadira kuti tinavutika limodzi ndi amayi. Ndili wamkulu kale ndinawafunsa kuti iwo ankatha bwanji kumeza osasintha nkhope. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kuulula kuti sanalaweko ndi kamodzi komwe. Tsiku loyamba lomwe lija ananong'oneza Mayi Chan, ine osamva, kuti dokotala anawaletsa za m'nyanja, koma mwanayu, iih, amazikonda zedi.