Amayi Anavala Chilundu Kukavota ku Brampton

Fomu yowonjezera viza ya amayi inakhala pamwamba pa filiji milungu isanu osasainidwa. Zonse ndinali nditalemba kale, kunangotsala dzanja lawo. Anabwera kuno ku Brampton mwana wanga woyamba akukwawa, tchuthi changa cha uchembere chikutha, ndipo nthawi imene anawapatsa polowa m'dziko muno inali kumapeto. Ine ndinkafuna akhale chaka china. Sikuti ndinkangofuna wolera mwana ayi. Ndimadzuka kusanache kukakwera sitima yopita m'tauni ya Toronto kumene ndimagwira ntchito ya unamwino, ndipo ndikabwerako n'kumva mawu awo ali pakhomo akukangana ndi wailesi ya kwathu pa foni, kutopa konse kunkachoka. Zaka khumi ndinakhala osamva phokoso limenelo.

Ndikawakumbutsa za fomu ankangoti tiona. Tiona wa amayi ndimamudziwa bwino, ndi yemweyo amene ankatiuza tikapempha nsapato za Khirisimasi.

Chaka chimenecho chisankho cha aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawo chathu chinagwa m'nyengo ya sinowo, chisanu choyera chija chimene chimakwirira pansi ponse. Timabolodi ta maina tinayamba kumera m'makapinga a anthu, tina titakwiririka mpaka m'khosi. Amayi ataona anandifunsa ngati nyumba zonsezo zikugulitsidwa. Nditawauza kuti ndi kampeni, anaima pawindo nthawi yaitali kudikira galimoto ya chimkuzamawu. Siinabwere. Anafunsa kumene kukuchitikira misonkhano, kumene akugawa nsalu, amene akuvina. Ndinawayankha kuti kuno zonse zimathera pa TV ndi m'timapepala ta pakhomo, iwo n'kupukusa mutu ngati ndawauza kuti kwagwa maliro koma anthu akana kulira.

Muyenera kuwadziwa amayi anga. Zaka zawo zonse agulitsa kaunjika pamsika ku Balaka, ndipo ndale ndi ndiwo zawo. Nsalu ya chipani chilichonse ankalandira, ina n'kuyala patebulo, ina kuberekera adzukulu, koma kumene ankaponya voti sanauzepo munthu, ngakhale malemu bambo. Tsiku lovota ankanyamuka atambala asanalire, kampando kali m'manja, kuti akhale oyamba pamzere. Wina akawapitirira, nkhani yake inkatha mwezi.

Tsiku lina madzulo ndinapeza makapu awiri m'sinki, a alendo aja amene sitimwera ife. Amayi anali m'chimwemwe. Anati kunagogoda mayi wina wopikisana nawo pa chisankho cha aphungu, mphuno itafiira ndi kuzizira, ndipo iwo sakanamusiya mlendo pakhomo. Anamulowetsa, anamuvulitsa nsapato, anamupatsa tiyi wamkaka ndi mandasi a dzulo lake. Ndi Chingerezi chawo cha pamsika anamufotokozera za basi imene imachedwa, za poterera pa siteji pamene anatsala pang'ono kugwa ali ndi mwana, ndi za mwana wawo namwino amene amabwera mapazi atatupa. Mayiyo akuti ankalemba m'kabuku. Potsanzika anawafunsa ngati angadalire voti yawo, iwo n'kuvomera ndi manja awiri.

Ndinawauza kuti alendo m'dziko muno savota, kuti pamafunika munthu akhale nzika.

"Anafunsa ine, sanafunse iwe," anatero. "Munthu wamwa tiyi m'nyumba mwanga, ndamulonjeza. Ukufuna andione wabodza?"

Ndikanalimbikira. Koma ndinali nditachoka pa shifiti yaitali, ndiponso, ndinene zoona, ndinali ndi kanzeru kanga. Ndinkaganiza kuti akayamba kulowerera nkhani za kuno mtima ukhala pansi, fomu ija asaina. Ndinangoti tidzaona tsiku lakelo, ndipo ndinadzimva ndekha kuti ndayankhula ngati iwo.

Kuyambira pamenepo anayamba kukonzekera monga amachitira kwathu. Anatuma mwamuna wanga kukagula ufa wowonjezera, makandulo ndi mafuta ophikira, poti masiku odikira zotsatira munthu sayenda mwachisawawa. Iye ndi mkamwini womvera, anagula osafunsa. Ine anandiuza kuti ndipemphe ofu sabata yonse. Ndinaseka mpaka anakwiya.

Tsiku lovota ndinawapeza atakonzeka kale kukucha, atavala chilundu chawo cha kutchalitchi, duku lake lomwe, pamwamba jekete langa lalikulu ndi majombo a sinowo. M'chikwama anali ndi chiphaso chawo chovotera cha kwathu, chokulungidwa m'kapepala ka shuga. Sindinadziwe n'komwe kuti anabwera nacho. Anandifulumizitsa njira yonse kuti tikapeza mzere wafika kumsewu. Titafika pasukulu ya ana, m'holo yosewerera mpira munali anthu osapitirira khumi, aliyense ali ziii, kungomveka majombo pansi.

Patebulo panali bambo wina wachikulire wa magalasi. Amayi anagwada pang'ono n'kumupatsa chiphaso chija ndi manja awiri. Anachitembenuza uku ndi uku, anawerenga, kenaka anawafotokozera mwaulemu kuti n'chokongola koma si cha kuno, ndipo anapepesa kawiri konse. Ulemu wakewo ndi umene unandipsetsa mtima. Akanakhala wamwano bwenzi amayi atamulalatira, n'kutuluka mutu uli m'mwamba. Koma munthu wopepesa ungamutani? Amayi anatenga chiphaso chawo, anachikulunganso bwinobwino.

Ine nditapereka khadi langa lovotera ndi laisensi, bamboyo anangodina kamodzi pakompyuta, dzina langa ndi nambala ya nyumba zinatulukira, n'kundipatsa pepala. Amayi anandikoka jekete n'kundinong'oneza kuti ndikamuvotere mlendo wawo uja, lonjezo lisagwe pansi. Ndinali ndi wanga amene ndinamusankha kalekale chifukwa cha nkhani za zipatala. Ndili kuseri kwa kakatoni kobisalira povota ndinasuzumira, ndinawaona atakhala pa kabenchi ka ana a sukulu, mawondo ali m'mwamba, chilundu chikukhudza pansi ponyowa. Ndinachonga mlendo wawo.

Potuluka anandigwira dzanja n'kuyang'ana zala zanga chimodzichimodzi. Anafunsa kuti inki ili kuti. Ndinati kuno sapaka.

M'mawa mwake zonse zinali zitadziwika kale. Mlendo wa amayi anagwa, ndipo opambana anali atathokoza kale anthu. Basi inadutsa, aneba anachotsa sinowo pakhomo pawo, ine ndinapita kuntchito. Panalibe hutala ngakhale imodzi, panalibe wothamanga ndi nthambi mumsewu. Makandulo aja anakhala m'kabati osatsegulidwa. Ndinayesa kuwaseka kuti ufa wagulidwawo tidya mpaka Isitala, koma nthabwala yanga inagwa pansi.

Patapita milungu ingapo nduna za boma latsopano zinalumbiritsidwa. Linali tsiku langa lopuma, ndipo tinkaonera limodzi masana, iwo ataimirira mwana ali kumbuyo. Anthu ovala masuti ankabwera mmodzimmodzi, kuwerenga kapepala, kusaina, ena n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono ngati akuopa kudzutsa wodwala. Amayi anafunsa kuti wa zachipatala ndi uti, ndinawalozera. Anamuyang'ana n'kunena kuti akuoneka wodya bwino. Kenaka anapita kukhitchini, ndinamva akusuntha zinthu pamwamba pa filiji. Ndinayamba kufunafuna cholembera.

Anandipatsa fomu ija ili momwe inaliri.

"Undibukire tikiti, mwanangu. Ndizipita."

Ndinayamba kulongolola. Ndinati zisankho n'zachabe, zimabwera n'kupita, sangasiye mdzukulu chifukwa cha kapepala. Ndinati kuno kuli madokotala a miyendo yawo, magetsi sazima, kwathu akakhala ndi ndani. Ndinafika ponena kuti tidzawaapulayira zokhala mpaka kalekale, tsiku lina adzavota ngati aliyense. Anandisiya ndiyankhule mpaka mawu anandithera, akugwedeza mwana kumbuyo.

"Iwe ukuganiza kuti ndadandaula poti anandibweza? Anachita bwino, langa dzina lili ku Balaka. Chimene chinandipweteka ndi mmene anakupezera iweyo. Sanafufuze n'komwe. Zaka zonsezi ndimauza anthu pamsika kuti mwana wanga ali kuntchito, abwera. Ndinaona ndi maso anga kuti unalembedwa kuno."

Ndinafuna kukana, koma ndikanakana chiyani? Nyumba tikulipira ndi ya kuno, mwana anabadwira kuno, ndipo tsiku limene ndinalumbira kukhala nzika sindinawauze, ndinangoti ndi za mapepala a kuntchito. Ndinalira monga sindinalirepo chifikireni m'dziko lino. Iwo sanalire. Anandiuza kuti ndipukute nkhope mwana angaope, ndipo anati wina ayenera kukhala kumudzi kuti ife tizikhala ndi kofikira.

Tinawaperekeza ku bwalo la ndege sinowo itayamba kusungunuka. Jekete langa anandibwezera pa geti, anati kumene akupita silikagwira ntchito. Mwana analowa ku dekeya, kosungira ana masana, sabata yotsatira, ndipo pano ndikamuyankhula Chichewa amandiyankha m'Chingerezi.

Ndimawasowa amayi anga. Ndimawasowa kwambiri madzulo, ndikamatsika sitima n'kuyenda kupita kunyumba, podziwa kuti ndikatsegula chitseko mukhala muli chete. Lamlungu lililonse timaimbirana, amandiuza mitengo ya pamsika ndi amene wasamuka chipani. Amafunsa za mwana, za mwamuna wanga, za mapazi anga. Koma chichokereni kuno sanandifunsenso kuti ndibwera liti.