Laputopu Yoyaka pa Minibasi ya ku Chelstone

Mwana wanga wamwamuna, uja amakhala ku Woodlands, ndi katswiri wodikira. Anadikira kukwatira mpaka dazi linamupeza, ndipo pa nkhani ya laputopu anadikira mpaka ine ndinatsala pang'ono kuferedwa mkazi kachiwiri.

Laputopuyo inali yakale, yomwe iye anatisiyira amayi ake adakali moyo. Ine sukulu ndinailekera panjira aphunzitsi atatopa nane, koma mabatani awiri ndinawadziwa: loyatsira ndi lotsegulira mavidiyo. M'menemo ndi momwe munali akazi anga. Zithunzi zapepala zilipo pakhoma, koma chithunzi sichikalipa. Mawu awo ndi kuseka kwawo zinatsala m'makina amenewo basi, pakuti foni yomwe tinkajambulira inabedwa kalekale ku City Market.

Iwo atamwalira, makinawo anayamba kulira mkati, ke-ke-ke, ngati nkhuku yotsamwa. Mwana anabwera, natchera khutu, nkhope n'kugwa.

"Atate, disiki ikufa. Musaizimitse, ngakhale kuitseka musaitseke. Ikagona mwina siidzukanso."

"Ndiye tikagule ina lero."

"Musathamange. Kukubwera zatsopano, za pulosesa yamphamvu, ubongo wake wothamanga. Kugula lero n'kugula chakale."

"Ine ndine wakale, amako ndi akale. Ubongo wothamangawo ukuthamangira kuti?"

Anaseka, nalonjeza kubwera Loweruka ndi kabokosi kokoperamo zonse. Loweruka limenelo kunali msonkhano, linzake kunali ukwati ku Kitwe, ndipo zatsopano zija nazo zinkangokhala "mwezi wamawa". Ine ndinasanduka mlonda. Inali nyengo ija magetsi ankathima mosinthana madera, ndiye akathima kwathu ku Chelstone ndinkathamanga nayo kwa wometa tsitsi wapakona, amene anali ndi jenereta.

Lachisanu lina m'mawa kunamveka kuphulika kumsewu. Thiransifoma yapsa. Ndinafika kwa wometa uja, ndinapeza jenereta ali nayo kwa makaniko. Ndinaimbira mwana, foni inangolira yokha. Kachizindikiro ka batire kanali katafika kale pakati.

Ndinatenga ndalama zomwe ndinkasungira bokosi langa la maliro. Ndinati akandikulunge m'mphasa, sindidzadandaula. Ndinavala jekete, n'kufunditsa laputopu chitenje ili chitsegulire, ulendo wa m'tauni.

"Ba mudala, mwabwela na ofesi mu basi?" anatero kondakitala. "Nayo izalipila."

"Ndi akazi anga awa, iwe. Ndawakhazika pamiyendo. Ulemu pang'ono."

Basi yonse inaseka. Mayi wina wa dengu la tomato amene ndinakhala naye anasuzumira pansi pa chitenje, nandifunsa bwinobwino. Nditamufotokozera, kuseka kunatha. Dalaiva ankaima pa siteji iliyonse kudikira anthu omwe sanatuluke n'komwe m'nyumba zawo, ine maso ali pa batire.

"Imwe ba dalaiva, tiyeni!" anakuwa mayi uja. "Muli na odwala muno!"

Dalaiva anatembenuka kufuna kuona wodwalayo, koma anapondadi moto. Tikuyandikira tauni tinalowa mumdipiti wa magalimoto osasuntha. Galasi la laputopu linachita mdima pang'ono, kachizindikiro kaja n'kufiira. Ndinatsika pomwepo n'kuyamba wapansi, mawondo akutsutsa. Anyamata oitanira mabasi ananditsata, akuti ndiwapatse aione.

"Ba mudala, mugulitsa? Leta tione!"

Ndinangoikumbatira laputopuyo ngati khanda, ndikumva kutentha kwake pachifuwa ndi kulira kuja, ke-ke-ke.

Kuseri kwa Cairo Road kunali kasitolo ka bambo wina wa ku Emmasdale, Myao amene makolo ake anachokera ku Malawi. Ankagulitsa ndi kukonza makompyuta, ndipo tinkadziwana kuyambira masiku omwe ankakonza mawailesi. Ndinamupeza atavala mkanjo woyera, akukoka chitseko chachitsulo. Ndinali nditaiwala kuti Lachisanu masana amapita ku mzikiti.

"Achimwene, mubwere swala ikatha," anatero.

"Ikatha mudzapeza maliro."

Ndinavundukula chitenje. Anayang'ana kofiira kaja, namvetsera kulirako, nandiyang'ana ine. Anatsegulanso chitseko.

"Chaja ili kuti?"

Ndinagwira thumba la kumanja, la kumanzere, la mkati. Chaja inali ku Chelstone, pakhoma, ikudikira magetsi. Bamboyo anakhuthulira pansi katoni ya zingwe zopiringizana n'kugwada ndi mkanjo wake woyerawo. Choyamba chinakula mutu. Chachiwiri chinalowa koma osagwira moto. Pagalasi panatuluka mawu a Chingerezi, ndipo ngakhale ine wosaphunzira ndinadziwa kuti akutsanzika. Anayesa china, n'kuchigwira ndi chala mopendeketsa. Galasi linawala.

Anamata chingwecho ndi tepi, nalumikiza kabokosi kake kokoperamo. Ine ndinaloza laputopu ina pashelefu.

"Iyo. Ndikuitenga lero."

"Ndi yabwino, koma mukadadikira pang'ono, kukubwera zatsopano."

"Inunso? Kodi munabadwa mimba imodzi ndi mwana wanga?"

Anamwetulira, koma maso anali pa wotchi. Sakanatha kundisiyira sitolo yotsegula, ndipo ine sindikanachoka. Choncho ananditsekera mkati, loko kunja, ngati mbava yogwidwa.

"Musakhudze chilichonse," anatero kudzera m'zitsulo.

Ndinakhala m'sitolo ya mwini ndekha, ndikuyang'ana kamzere kobiriwira kakukwawa. Kankayenda, n'kuima, n'kuyendanso. Kulira kuja kunakula. Ndinapemphera pemphero la kwathu ku tchalitchi, ndikuyembekeza kuti mnzanga kumzikiti akukankhira mbali yomweyo. Kamzere katangopitirira pakati, kanaima. Kulira kunaleka. Galasi linada bii, ndipo ndinadziona nkhope yanga m'menemo, kukamwa kuli yasa.

Sindinakhudze chilichonse. Sindikudziwa kuti ndinakhala nthawi yaitali bwanji.

Atabwera, anayesa kuiyatsa, koma inali itapita. Anachotsa kabokosi kaja n'kukalumikiza ku yatsopano ija.

"Zina zalowa, zina zatsala," anatero. "Tione."

Vidiyo ya ukwati wa mwana wanga inakana kutseguka. Ya ubatizo wa mdzukulu inakananso. Anatsegula ina yaifupi, yopanda dzina. Panaoneka khonde lathu, lichero la mtedza, ndi akazi anga atakwinya nkhope.

"Inu bambo, mukujambula chiyani? Malasha aja mwagula?"

Kenaka anaseka, kuseka kwawo kuja kotulukira m'mphuno.

Bambo wa sitolo anakanda ndevu. "Ankakulamulirani ndithu."

"Kwambiri," ndinatero, ndikukoka mpando. "Tabwezaninso."